Batani la Iwe pa Kiyibodi ya Malume

Malume anga anali munthu wokonda kulankhula, ndipo foni yamakono itafika m'manja mwawo tinaona zakuda. Atapuma ntchito ya uphunzitsi anabwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Bowe, n'kutulukira kuti pa foni munthu angathe kujambula mawu ake n'kutumiza popanda womudula pakamwa. Basi, banja lonse linalowa m'kalasi. Uthenga umodzi unkatenga nthawi yoti mbatata n'kupsa. Ankayamba ndi moni wa aliyense, kenako mvula, kenako feteleza, pomalizira ine ndi khalidwe langa losaponda kumudzi. Ine ndinkangoika foniyo pa tebulo n'kumachonga makope a ana, iwo akulalikira okha. Sindinafufute ngakhale uthenga umodzi. Sichinali chikondi chimenecho, unali ulesi chabe.

Iwowa ndi amene anatilera ine ndi mng'ono wanga mayi athu atamwalira. Akazi awo timangowatcha kuti mayi, poti palibenso dzina lina lowayenera. Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume, ndipo nkhani ya ukwati wa mwana wamkazi imadutsa pakamwa pawo. Ndiye pamene mnyamata wina wa kumapiri a ku Ntchisi anafunsira mng'ono wanga, tonse tinkadziwa amene adzakhale nkhoswe. Eni akewo anali atayamba kale kukonza kukhosi.

Sitiroko inawagwira ali m'munda, chimanga chikumasula. Anagona masabata angapo ku chipatala cha ku Mtengowanthenga, n'kutuluka mbali ya kumanja itafooka, mawu atapita. Kumva ankamva zonse. Liwu limodzi lolembedwa papepala ankatha kuliwerenga, koma kulemba kunawakana, ndipo pakamwa pankangotuluka kaphokoso kamodzi komweko, kaya akufuna madzi kaya akukana. Mng'ono wanga, yemwe ndi telala, anatseka makina ake osokera pa msika n'kubwerera kunyumba kuti azithandiza mayi kuwanyamula, kuwadyetsa ndi kuchapa. Ine ndinkabwera Loweruka lokha, chifukwa ndimaphunzitsa pa sekondale ina, ulendo wa minibasi ndi kabaza.

Malumewo ali ndi mng'ono wawo, malume aang'ono, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe. Si munthu woipa, koma ndi aja amene akaona mpando wopanda munthu amayamba kuupukuta. Anabwera kudzazonda, n'kunena pamaso pa wodwalayo kuti za unkhoswe asade nazo nkhawa, adzaziyendetsa iwo. Ankalankhula mokweza, liwu limodzilimodzi, ngati akulankhula ndi wogontha. Malume aakulu anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere mpaka kapu inagwa. Aang'onowo anati mwina akufuna kupita kuchimbudzi. Zinandipweteka kwambiri. Munthu anatilera, ankadikira tsiku limeneli, ndipo ankamulanda mpando iye ali pomwepo akumva. Ndinabwerera kusukulu ndili wokwiya, ndipo paja wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Pa laputopu yanga yakale panali pulogalamu ina yaulere yokonzera mawu, imene ndinaiphunzira ndekha pofuna kuti sewero la ana a sukulu likhale ndi mabingu ndi kulira kwa galimoto. M'pulogalamu imeneyi sulemba mizere yambirimbiri ngati m'mapulogalamu ena. Umajambula timabokosi pa sikirini n'kumatilumikiza ndi tizingwe, kuchokera pansi pa aka kupita pamwamba pa ako. Kabokosi kena kamamva batani limene wadina, kena kamasunga uthenga, kena kamaliza mawu. Koliza mawuko n'kamakani. Kamafuna uthenga woyamba ndi liwu lachingerezi loti open, ndiye kuti tsegula, lotsatana ndi dzina la fayilo. Ukakauza kuti open bingu.wav, kamakafuna fayilo ya dzina limenelo, ukakalamula kuti kayambe bingu n'kugunda. Ukaphonya chilembo chimodzi kamangokhala duu, n'kukulembera pakona mwa zilembo zofiira kuti fayilo yoteroyo kulibe.

Mawu a malume ndinali nawo odzaza foni. Kwa masiku angapo, ana akaweruka, ndinkatsala mu ofesi ya aphunzitsi nditavala mahedifoni, kumvetsera maulaliki onse amene ndinkawathawa aja. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo awa anagoneradi. Ndinkadula liwu limodzilimodzi n'kulisunga ngati fayilo yakeyake: madzi, inde, zikomo, ndatopa, kukuzizira, ndili bwino kaya inu. Liwu loti ayi ndinali nalo lochita kusankha, ayi wofatsa, ayi wa ukali, ayi wonyoza mtengo wa feteleza. Nthawi zina ndinkaseka ndekha. Nthawi zina ndinkavula mahedifoniwo n'kutuluka panja, chifukwa kumva munthu akulankhula momasuka chotero, ukudziwa mmene aliri lero, si chinthu chapafupi.

Liwu lililonse ndinalipatsa kabokosi kake ka uthenga ndi batani lake. Ndinatenga kiyibodi yakale imene inkangodya fumbi, n'kumata timapepala pa mabatani, n'kulumikizanso kasipika kakang'ono. Loweruka ndinawaikira malume kiyibodiyo pa thabwa pamiyendo pawo, pakhonde. Anaiyang'ana ngati mmene ankayang'anira homuweki yokopera. Kenako anatambasula chala chamanzere n'kudina pamene panalembedwa kuti madzi, ndipo mawu awo enieni, aja a m'kalasi, anamveka pabwalo ponse. Mayi anatuluka m'khitchini akuthamanga, n'kuima pakhomo. Anaona pakamwa pa amuna awo pali potseka, anaona sipika, n'kubwerera mkati. Mng'ono wanga anandiuza pambuyo pake kuti anakalira kumeneko. Malume anapitiriza kudina madzi, madzi, madzi, ndipo kapu itabwera anaikankha. Analibe ludzu.

Laputopu ndinaisiya kumudzi. Mng'ono wanga ankakaitchajitsa pa sitolo ya banja lina lachisilamu pa msika, anthu amene ana awo onse anadutsa m'manja mwa malume ku pulayimale. Sabata iliyonse ndinkapeza kuti pakufunika mawu ena, ndipo liwu latsopano lililonse linkafuna kabokosi kena ndi kachingwe kena. Posakhalitsa sikirini inaoneka ngati maungu ayanga m'dimba, moti ukakoka kachingwe kamodzi sudziwa chimene wadula. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuti uthenga sufunika kuulemba wathunthu. Ungathe kusiya mpata pakati pake, n'kuika chizindikiro cha dola ndi nambala wani. Kabokosi kamodzi kokha kolembedwa kuti open $1.wav kamakwanira mawu onse. Liwu lililonse limene lafika kuchokera ku batani limalowa mumpatamo, ndipo uthenga umadzimanga wokha panthawi yomweyo. Kukafika madzi, umakhala open madzi.wav. Kukafika zikomo, umakhala open zikomo.wav. Ndinafufuta maungu onse aja ndi mtima woyera.

Njira imeneyi ili ndi msampha wake, ndipo unatikola pa chinthu chachabechabe. Tsiku lina ndinamupatsa mng'ono wanga ntchito yolemba mayina a mafayilo atsopano. Malume akadina batani loitanira munthu, sipika zii. Ndinafufuza tizingwe tonse, ndinazimitsa n'kuyatsanso, ndinaikalipira laputopu, mpaka ndinaona kuti ine ndinalemba bwera, iye analemba bwela. Kwa ife ndi liwu limodzi, ndipo m'kamwa mwa munthu wa ku Dowa palibe angakuuze pamene pathera l ndi pamene payambira r. Kwa kompyuta awa ndi anthu awiri osadziwana. Tinakangana kuti wolondola ndani, malume akutiyang'ana ndi diso loti akanakhala ndi choko bwenzi tonse titagwada.

Vuto lalikulu linali la ulemu. Munthu wamkulu salankhula mofanana ndi aliyense. Kwa mng'ono wanga amati bwera, khala pansi, tenga. Kwa mayi ndi alendo amati bwerani, khalani pansi, tengani. Liwu lililonse lotere linkadya mabatani awiri, ndipo kiyibodi inayamba kuchepa. Ndiye ndinatsegula mpata wachiwiri mu uthenga uja, n'kukhala open $1-$2.wav. Mpata woyamba ndi wa chochita, wachiwiri wa munthu amene akuuzidwa. Mafayilo ndinawatcha bwera-iwe.wav ndi bwera-inu.wav, choncho mpaka onse. Mawu osasintha, monga madzi, ndinangowakopera kawiri. Pa kiyibodi panabwera mabatani awiri atsopano, la iwe ndi la inu. Malume ankayamba kudina munthu, kenako chochita.

Kabokosi kamene kamaphatikiza mawu awiriwa kali ndi makomo awiri pamwamba pake. Lakumanzere amalitcha lotentha, lakumanja lozizira. Cholowa pa khomo lozizira chimangokhala mkati n'kumadikira. Cholowa pa lotentha chimatulutsa uthenga nthawi yomweyo, n'kutengana ndi chimene chachipeza chikudikira. Iwe ndi inu ndinawalowetsa pa lozizira, zochita pa lotentha. Khomo lozizira silitaya chimene lalandira. Limachisunga mpaka kubwere china, kaya papita ola kaya tsiku. Zimenezi ndinkazidziwa, ndipo ndinaziona ngati mwayi, poti malume sadzavutika kudina kawiri akamacheza ndi munthu mmodzi yemweyo.

Linali Lachinayi, ine kulibe, ndipo nkhaniyi ndinaimva kwa mng'ono wanga. M'mawa malume anamuitana iye, atadina iwe monga mwa masiku onse. Masana kunabwera amayi a kumpingo kudzapemphera ndi wodwala, n'kukhala pa mphasa pabwalo. Mayi anali chilili pakhomo, ndipo malume anafuna kuti adzakhale pafupi nawo. Anadina bwera osayamba ndi inu. Khomo lozizira linali likusungabe iwe wa mng'ono wanga uja.

“Bwera kuno!”

Mawu amenewo ndinawadula mu uthenga umene ankandikalipira ine chifukwa chojomba maliro a pamudzi, kotero anatuluka ndi ukali wake wonse. Chikwatirane, malume anali asanawatchulepo akazi awo kuti iwe, ngakhale pokangana. Amuna ena pamudzipo amatero, koma iwo ankati mkazi wa munthu si mwana wa Sitandade Wani. Amayi a kumpingo anayang'ana pansi, wina n'kuyambitsa nyimbo msangamsanga. Mayi anazungulira kuseri kwa nyumba, osabweranso mpaka alendo atapita.

Loweruka ndinapeza kiyibodi ili pamwamba pa kabati. Mng'ono wanga anati alendo atangochoka malume anayendetsa chala pa mabatani onse, mzere ndi mzere, ngati munthu wofuna singano pa mphasa, kenako anaikankhira pansi. Chimene ankafuna ndinachidziwa. Ndinabwereza mauthenga onse aja kufunafuna pepani, ndipo munalibe. Munthu analankhula nthawi yaitali chotero, za mvula, za ndale, za mbuzi za aneba, osapepesa ngakhale kamodzi. Ndinawafunsa ngati ndingajambule liwulo ndi mawu anga. Anapukusa mutu mwamphamvu. Mayi, amene anali kusankha nyemba chapatali atatipatsa msana, anayankha osatembenuka.

“Asiye. Mawu amenewo sanawanenepo ali bwino, ukufuna awanene lero ndi pakamwa pako?”

Nkhani yochokera pa mphasa sichedwa kufika kutauni. Malume aang'ono anandiimbira foni kundiuza kuti chidole changa chatukwana alamu awo pamaso pa mpingo, ndipo chinthu chotero sichingaikidwe pamaso pa alendo a ku Ntchisi. Ukwati, iwo anati, si sewero la ana a sukulu. Tsiku lokumana ankhoswe linali litapanganidwa kale, anthu akangotha kukolola, ndipo iwo adzabwera kudzalankhula m'malo mwa achimwene awo. Ndinawayankha mwaulemu, foni nditaifinya ngati ndiiphwanye. Chondiwawa chinali choti pa mbali ya chipongwecho sankanama.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira. Ndinawonjezera kabokosi kamodzi kamene, uthenga ukangotuluka, kamatumiza inu ku khomo lozizira. Kena kamachita chimodzimodzi pulogalamu ikamayaka. Kuyambira pamenepo makinawo amaona aliyense ngati wamkulu, ngakhale nkhuku, pokhapokha malume atadina iwe mwadala, ndipo iweyo amagwira ntchito kamodzi kokha n'kufufutika. Batani la inu linatha ntchito, ndinalimatula pepala. La iwe ndinalisamutsira pakona ya kumanja kwenikweni, kumene dzanja lamanzere silingafike mwangozi. Mwana aliyense kwathu amaphunzira asanayambe sukulu kuti ukakayikira, nena inu. Kompyuta yokha ndi imene inali isanauzidwe.

Chovuta chinali kuwabwezera malume kiyibodi pamiyendo. Nditaiika, anatembenuzira nkhope kumunda. Ndinadina ndekha iwe, kenako bwera, sipika n'kuti bwera kuno. Ndinadinanso bwera yekha, n'kuti bwerani. Ndinabwereza mpaka anacheuka. Anayesa okha kambirimbiri ngati woyang'anira mayeso wosakhulupirira aliyense, akudina iwe, akudikira, akudina zina, kufuna kuigwira ikulakwa. Sinalakwe. Dzuwa litapendeka mayi anadutsa ndi ndowa, ndipo malume anadina bwerani. Mayi anaima. Anadina khalani pansi. Mayi anatula ndowayo n'kukhala pa chitsa pafupi ndi mpando wawo, nkhope ili gwa. Malume anadina zikomo, n'kudinanso zikomo. Mayi anawauza kuti akutha batire pachabe, koma sanadzuke. Ine ndi mng'ono wanga tinapeza chochita kuseri.

Alendo anafika nthawi yozizira, chimanga chili m'matumba. Anabwera awiri pa njinga yamoto, fumbi lili thoo. Wolankhula anali malume ake a mnyamata uja, bambo wamtali wolima mbatatesi, wovala jekete lalikulu. Mwamwambo ine ndi mng'ono wanga sitikanakhala pa zokambiranazo. Ine ndinakhalapo chifukwa cha laputopu, iye chifukwa malume ankafuna wowakhazika bwino akapendekeka ndi wowapukuta pakamwa. Anaima kumbuyo kwa mpando ndi kansalu m'manja. Malume aang'ono anakhala pafupi ndi alendo, ndipo anayamba ndi kupepesa kuti achimwene awo, monga mukuonera, sangathe kulankhula. Asanamalize, sipika inapereka moni. Bambo a ku Ntchisi aja anavula chipewa. Sanayang'ane sipika kapena ine, anayang'ana malume aakulu.

“Tinamva kuti mawu anu akudzera njira ina masiku ano. Palibe kanthu, bambo. Ife tabwera kudzamva inu.”

Zokambirana zinayenda pang'onopang'ono. Ndinali nditadula mawu amene ndinkaganiza kuti adzafunika, monga tamva, dikirani, tikambirane, mwezi wamawa. Malume akamafuna batani pankakhala bata lalitali, ndipo aang'ono ankalumphira m'batamo ndi yankho lawo. Mlendoyo ankawamvetsera mwaulemu, n'kugwedeza mutu, kenako n'kubwezera maso kwa aakulu mpaka sipika italankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bambo amenewo anadekhadi. Anagwirizana za tsiku la chinkhoswe ndi za mpingo. Ndinayamba kupuma bwino, ndikuganiza kuti tawoloka.

Kenako mlendoyo anakonza jekete n'kunena kuti watsala ndi pempho limodzi. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, chikamwini. Akafuna kupita naye kwawo, chimene timati chitengwa, ayenera kupempha kwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba angathe kukana popanda womufunsa chifukwa. Bambowo anafotokoza kuti mnyamatayo ndiye akusamala minda ndi madimba a mayi ake kumapiriko, ndipo akachoka zonse zigonera. Ankapempha chitengwa. Malume aang'ono sanadikire. Anati zimenezo pakadali pano sizingatheke, alendo akuona okha mmene zinthu ziliri, mtsikanayu ndiye manja ndi miyendo ya wodwalayu. Mwina patsogolo, zinthu zikasintha.

Kanali koyamba kuti ine ndigwirizane nawo. Mayi okha sakanatha kuwanyamula malume kuchoka pa bedi kupita pa mpando, ndipo mng'ono wanga akachoka, wotsala ndinali ine, ndi sukulu yanga, ndi nyumba yanga ya magetsi. Ndinachita mantha, ndipo ndinkafuna kuti malume aakulu akane. Batani la ndakana linali pafupi penipeni ndi chala chawo, poti ndi limene ankaligwiritsa ntchito kwambiri. Mng'ono wanga anali atayang'ana pansi. Anali atandiuzapo tikuchapa kuti mnyamatayo sangabwere kudzakhala kwathu, ndipo akauzidwa kuti adikire, adzadikira mpaka atatopa n'kupeza wina. Ananena mosadandaula, akufinya bulangete, n'kuwonjezera kuti iye malume sangawasiye pokhapokha atamuuza okha.

Mlendo anabwezera maso kwa malume aakulu. Anangodikira. Chala cha malume aakulu chinakhala m'mwamba nthawi yaitali, chikunjenjemera pang'ono, kenako chinatsika mzere umodzi n'kudina.

“Ndavomera.”

Liwu limeneli ndinalipeza kamodzi kokha m'mauthenga onse, tsiku limene anavomera kuti tigulitse mbuzi, ndipo kumapeto kwake kumamveka mbuziyo ikulira chapatali. Ndinalephera kuidula popanda kudula liwulo. Inaliradi pamaso pa alendo, ndipo palibe anaseka. Malume aang'ono anawerama n'kuloza kiyibodi.

“Achimwene aphonya batani. Makina amenewa analakwirapo kale alamu athu. Iwe, taona bwino pamenepo.”

Ndinayang'ana pa sikirini. Uthenga unali utamangika bwinobwino, open ndavomera-inu.wav, popanda chofiira chilichonse. Koma zimenezo zimangosonyeza batani limene ladinidwa, osati limene munthu amafuna. Ndakana ndi ndavomera anali moyandikana, wina pamwamba wina pansi, ndipo chala chonjenjemera chingathe kutsetsereka. Ndikanatha kunena kuti afunsidwenso. Ndikanatha kunena kuti malume salakwitsa. Ndinangoyang'anabe pa sikirini, chifukwa mumtima ndinkalakalaka chitakhala kuti chatsetserekadi.

Malume sanandiyang'ane ine kapena mng'ono wawo. Anatembenuza khosi movutikira mpaka anamuona mng'ono wanga kumbuyo kwa mpando. Kenako ananyamula dzanja lamanzere, n'kulidutsitsa pamwamba pa kiyibodi yonse, thupi likupendekera mbali yofookayo, mpaka chala chinafika pakona ya kumanja. Anadina iwe. Anabweza dzanjalo pang'onopang'ono, n'kufuna batani lina pakati, akupuma mwamphamvu.

“Pita.”

Chala sichitsetsereka ulendo wautali chotero. Malume aang'ono anabwerera m'mbuyo pa mpando wawo n'kuyang'ana nsapato zawo. Bambo a ku Ntchisi anaomba m'manja mwaulemu, mnzawo n'kutsatira, ndipo anati amva, akapereka mawuwo kwawo monga mmene mwini mbumba wanenera. Mayi, amene ankamvetsera ali pakhomo, analowa m'nyumba.

Ndinanyadira, chifukwa malume analankhula okha pa ukwati wa mwana amene analera, ndipo palibe akanatsutsa kuti mawuwo anali awo. Ndinamvanso chisoni, chifukwa ndinadziwa chimene adzilanda, ndipo iwo ankachidziwa kuposa ine. Kupendekera kuja kunawasiya atakhota pa mpando, malovu akutsika pachibwano. Mng'ono wanga anazungulira n'kugwada patsogolo pawo, misozi ikutsika, n'kuwawongola mapewa monga ankachitira tsiku lililonse. Anawapukuta pakamwa bwinobwino. Atatha anapinda kansaluko n'kutambasulira dzanja kwa ine, osandiyang'ana. Ndinatsitsa laputopu pamiyendo, kuiika pansi, n'kukalandira ndi manja awiri. Kanali konyowa.